Mukajambula nduna zikusayina, mudzapitenso pa boda

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imabwerabwera m'nyuzipepala, ya maiko awiri amene agwirizana zolimbikitsa malonda pakati pawo. Chithunzi chake sichisintha. Nduna ziwiri zakhala pa tebulo lalitali, timbendera tiwiri patsogolo, zolembera m'manja, kumbuyo kwaima mabwana a masuti akuomba m'manja. Pansi pake pamalembedwa kuti ubale wa maiko awiriwo wafika pena. Ine ndikaona chithunzi chotere ndimayamba kuwerenga miyezi. Ndinagwira ntchito yoombolera anthu katundu pa zipata za m'malire zaka 23 ndisanapume, ndiye kutalika kwa ulendo wochoka pa tebulo lija kukafika pa windo la kalaliki wa kasitomu ndikukudziwa. Mapangano ena amafika patapita zaka. Ena amafera m'njira popanda woika maliro.

Kusayinako sindikukunyoza, chifukwa popanda iko kalaliki alibe poyambira. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti nkhani mumaisiyira pomwe yangoyamba kumene.

Chaka china ndinali ndi thiraki ya mapaipi a pulasitiki opangidwa m'dziko loyandikana nalo. Malinga ndi pangano la maiko awiriwo, mapaipiwo amayenera kulowa opanda msonkho. Mwini wake anali bambo wina wongoyamba kumene kuitanitsa katundu, amene anasankha kugula kwa anansi m'malo mwa kutsidya la nyanja atamva za panganoli pa wailesi. Mapepala onse analipo, kuphatikizapo chikalata chotsimikiza kumene katundu anapangidwa, chimene pa boda timangochitcha certificate of origin. Koma chikalata chimenechi sachikhulupirira chabe chifukwa chadindidwa. Dziko lililonse limatumizira linzake mayina a anthu ololedwa kusayina, pamodzi ndi chitsanzo cha siginecha ndi chidindo chawo, ndipo kalaliki amafananitsa. Amene anasayina chathu anali watsopano pa mpandowo, kalata yomudziwitsa ikugonabe mu ofesi ina ku likulu, kaya la uko kaya la kuno. Kalaliki sanalakwe kukana. Anatiuza kuti tisiye msonkho wonse ngati chikole, tidzautenge zinthu zikalongosoka, apo ayi tidikire. Ya chikole bamboyo analibe, ndiye tinadikira masiku 11, dalaivala akugona m'thiraki momwemo, mwini thiraki akuwerengera ndalama ya kuchedwa tsiku ndi tsiku. Pamene katundu amatuluka, zonse zimene bamboyo anapulumutsa pa msonkho zinali zitathera pa kudikira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Achimwene, pangano lanuli ndi la anthu ena.” Ulendo wotsatira anaitanitsa kutsidya la nyanja, analipira msonkho wonse, katundu n'kutuluka tsiku lachiwiri.

Malamulo a kumene katundu anapangidwa ali ndi chifukwa chake. Atapanda kukhalapo, munthu akhoza kuitanitsa katundu kutali, kumutsitsa m'dziko la anansi, kusintha makatoni, n'kumulowetsa mwaulere ngati wopangidwa komweko. N'chifukwa chake maiko amaika mlingo. Ku COMESA, bungwe la malonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, njira imodzi yoti katundu avomerezeke ndi yakuti zimene zawonjezeredwa pa iye m'dzikomo zikwane magawo 35 pa 100 aliwonse a mtengo wake potuluka m'fakitale. Kampani yaikulu ili ndi akauntanti wake, masamu amenewa amawatha m'mawa umodzi. Mwini fakitale yaing'ono, amene malisiti amasunga m'jumbo, akamva zoti atsimikize mtengo wa chipangizo chilichonse, wa magetsi ndi wa malipiro a antchito, amangogwa ulesi n'kuuza wogula wake kuti akalipire msonkho. Palinso nkhani ya manambala. Katundu aliyense ali ndi nambala yake m'buku la kasitomu, ndipo kuyambira 1988 maiko ambiri amatsata ndondomeko imodzi ya bungwe loona za kasitomu pa dziko lonse la World Customs Organization, moti manambala 6 oyambirira amafanana kulikonse. Otsatirawo dziko limawonjezera lokha. Ndinatayapo tsiku lathunthu tikukangana ngati chitsulo china chinali chipangizo cha makina kapena chitsulo wamba, chifukwa pangano limamasula chimodzi n'kusiya chinzake.

Msonkho ndiwo umatchuka m'zoyankhula za nduna, koma m'zaka zanga zomaliza katundu wambiri amaimitsidwa ndi nkhani ya miyezo. Bungwe loona za miyezo la dziko limodzi layeza matumba a simenti, laika chidindo chake. Akafika tsidya linalo, bungwe la kumeneko likuti chidindocho silikuchidziwa, litenga thumba limodzi kukaliyeza ku labu. Amene anamangapo nyumba akudziwa kuti mphamvu yeniyeni ya simenti amaiona patatha masiku 28. Kodi thiraki iziima masiku onsewo?

Maiko awiri amene nkhaniyi anaigwira pakhosi ndi Australia ndi New Zealand. Pangano lawo la malonda linayamba kugwira ntchito mu 1983, ndipo pofika 1990 msonkho pa katundu wa pakati pawo unali utachotsedwa wonse. Anaona kuti sizinakwane. Mu 1998 anayamba kutsata mfundo yoti katundu wololedwa kugulitsidwa m'dziko limodzi akhoza kugulitsidwanso m'dziko linalo osamuyezanso, kupatula mitundu ingapo imene anaiika padera. Zaka 15 zinadutsa kuti afike pamenepo, chonsecho ndi maiko oyankhula chinenero chimodzi, a malamulo ochokera ku muzu umodzi. Ngakhale zinali choncho, Australia inakaniza maapozi a ku New Zealand kuyambira 1921 poopa matenda a mitengo yazipatso otchedwa fire blight. Chiletsocho chinapulumuka pangano la 1983, mpaka New Zealand inakasuma ku World Trade Organization, bungwe loona za malonda pa dziko lonse, n'kupambana mu 2010, maapozi n'kuyamba kulowa mu 2011. Zaka 90 abwenzi apamtima akukangana za chipatso chimodzi! Ndimakumbukira zimenezi ndikamva nduna ikulonjeza kuti zopinga zonse zitha chaka chisanathe.

Chiletso ndi msonkho wobwezera zili ndi khalidwe loipa lokana kufa. Mu 1964 dziko la America linaika msonkho wa 25 pa 100 pa magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu, pobwezera maiko a ku Ulaya, makamaka France ndi West Germany, amene anali atakweza msonkho pa nkhuku za ku America. Za nkhukuzo zinaiwalika kalekale, dziko lotchedwa West Germany kulibenso, koma msonkho wa magalimoto uja ulipo mpaka lero.

Tibwerere pa boda penipeni. Mwa kale, thiraki imaima kawiri: kutuluka m'dziko limodzi, kuyenda pang'ono, n'kuyambiranso mzere polowa m'dziko linalo, mapepala ake omwewo, katundu wake yemweyo. Pa Chirundu, pa mtsinje wa Zambezi pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, anasintha zimenezi mu December 2009. Yopita kumpoto imaima kamodzi mbali ya Zambia, yopita kumwera imaima kamodzi mbali ya Zimbabwe, ogwira ntchito a maiko onse awiri ali m'nyumba imodzi. Anthu amaona nyumbayo, koma chimene chinali chovuta ndi lamulo. Dziko lililonse linayenera kukhazikitsa lamulo lolola wa kasitomu wa dziko lina kugwira ntchito pa nthaka yake, zimene maboma sachita mosavuta. Pa Kazungula, pakati pa Botswana ndi Zambia, mathiraki amadikira pantoni mpaka mu May 2021 pamene anatsegula mlatho wa mamita 923, wokhota kuti upewe malire a Zimbabwe ndi Namibia amene ali pafupi pomwepo. Zimenezi ndizo ine ndimazitcha kulimbikitsa malonda, chifukwa dalaivala amaziona pa wotchi yake.

Koma nyumba yokongola siyendetsa thiraki. Ndakhalapo pa chipata chimene mbali imodzi imatseka msanga pamene inayo ikugwirabe ntchito. Ndakhalapo pomwe a kasitomu amaliza zawo m'maola awiri koma wa zaulimi, amene siginecha yake ikufunika, wapita ku msonkhano ndipo chidindo watsekera m'dirowa. Mawu akuti “netiweki yagwa” ndawamva kambiri kuposa moni. Makompyuta a kasitomu a maiko awiri akamalephera kuuzana kanthu, wina amalembanso pamanja zimene mnzake walemba kale tsidya linalo, ndipo polembanso m'pamene nambala imodzi imasokonekera. Pangano la World Trade Organization lofewetsa kayendedwe ka katundu, limene linayamba kugwira ntchito mu February 2017, limanena zomwezi za kugwirizanitsa nthawi yotsegulira ndi kulola mapepala kutsogola katundu asanafike. Maiko ambiri analivomera. Pamwamba pa zonsezi pali ndale. Chipata cha Gatuna pakati pa Rwanda ndi Uganda chinatsekedwa mu February 2019 n'kudzatsegulidwa mu January 2022, chonsecho maiko onse awiri ali m'bungwe limodzi la East African Community. Atsogoleri akayambana, mapepala onse aja amakhala chete.

Nkhani ina imene sindiiona m'malipoti anu ndi ya kalipiridwe. Wogula ali ndi ndalama ya kwawo, wogulitsa akufuna ya kwawonso, ndipo kawirikawiri awiriwa amakumana pa dola ya ku America, ndalama n'kukazungulira ku mabanki a ku New York ngakhale maiko awo akuonana kutsidya kwa mtsinje. Aliyense woigwira m'njira amadulapo yake. Dziko likakhala kuti ndalama zakunja zikusowa, wogula amadikira ku banki milungu, wogulitsa n'kutaya mtima n'kupereka katundu kwa wina. India ndi United Arab Emirates, atayamba kutsata pangano lawo la malonda mu 2022, anagwirizananso mu July 2023 kuti azitha kulipirana mu ndalama zawo, rupee ndi dirham. Mu Africa muli njira ya PAPSS imene inakhazikitsidwa ku Accra mu January 2022, yoti wamalonda alipire mu ndalama ya kwawo, mnzake alandire mu ya kwawo. Nzeru yake ndi yabwino, koma imayenda bwino pokhapokha onse awiri akugulana. Ngati dziko limodzi likungogulitsa, lidzaunjika ndalama ya mnzake yopanda kogulira kanthu, ndipo lidzabwerera ku dola.

Apa ndiye pamene ndimasemphana ndi zoyankhula za pa mwambo wosayina. Nduna ya uku imauza anthu ake kuti tapeza msika wa katundu wathu. Nduna ya uko imauza ake chimodzimodzi. Nanga onse akamagulitsa, wogula ndani? Ine ndimadziwa thanzi la malonda a maiko awiri poyang'ana mathiraki obwerera. Thiraki yobwerera yopanda kanthu imamwa mafuta, imadya matayala, dalaivala wake amalandira malipiro, ndipo mwini wake ndalama zonsezo amazisenzetsa katundu wopita. Ikapeza katundu wobwerera naye, mtengo wonyamulira umatsika mbali zonse ziwiri. Wofuna kuti katundu wa kwawo ayende motchipa ayenera kulola kuti wa mnzake alowenso.

Walira mvula walira matope. Katundu wa anansi akayamba kulowa, mwini fakitale wa m'dzikomo amathamangira kwa nduna kukadandaula, ndipo nthawi zina dandaulo lake limakhala loona, chifukwa pali anthu amene ntchito zawo zili pa chiswe. Mapangano abwino amakhala ndi njira yake yotetezera fakitale yotere kwa kanthawi: kufufuza kaye, kudziwitsa mnzako, kuika malire a nthawi. Chimene ndinachiona kangapo n'china. Kalata yoletsa katundu imafika pa boda Lachisanu madzulo, kuti iyambe kugwira ntchito nthawi yomweyo, mathiraki ali kale m'njira, katundu analipiridwa kale. Dziko linalo limabwezera sabata yotsatira pa katundu wosakhudzana ndi mkanganowo. Patapita mwezi nduna zimakumana, zimagwirana chanza, inu n'kujambulanso. Wamalonda amene katundu wake anawonongekera pa mzere palibe womubwezera, ndipo akadzamva za pangano lina amangopukusa mutu.

Ndisaiwale amalonda ang'onoang'ono, amene ambiri mwa iwo ndi amayi. Amenewa sakhala pa mwambo wosayina, koma ndiwo amawoloka tsiku ndi tsiku. Mayi wina amene ndinkamuona kawirikawiri ankapereka katundu wake kwa anyamata omuzembetsa usiku kudzera njira zamadulira, n'kuwalipira, n'kulipiranso aliyense wokumana naye m'tchire. Kawiri konse anamulanda zonse. Tsiku lina ali pa mthunzi kudikira kuti kude, ndinamufunsa chimene wanyamula, ndinatsegula buku, n'kumuonetsa kuti katundu wakeyo anali pa mndandanda wolowa opanda msonkho wa kasitomu, ndipo chikalata chofupikitsidwa chotsimikiza kumene katunduyo anapangidwa amachipereka pa boda pomwepo. Anaseka kaye, kenako nkhope inasintha. “Bambo, zaka zonsezi bwanji sananene?” Ndinalibe yankho. Pangano linalipo, la masamba ambirimbiri, m'chinenero chimene mayiyo sawerenga, lili pa intaneti. Pa khoma la boda panalibe ngakhale pepala limodzi lofotokoza m'chiyankhulo cha anthu owoloka pamenepo. Ndipo pofotokoza pamafunika kunena zoona zonse, chifukwa kuchotsa msonkho wa kasitomu sikuchotsa VAT kapena ndalama zina zolipira pa chipata. Munthu amene wamva pa wailesi kuti zonse ndi zaulere akauzidwa pa windo kuti alipire kanthu, amaganiza kuti akuberedwa, ndipo mawa amabwerera kwa anyamata aja. Umbuli umenewu pali amene amadyerapo, ena a iwo ovala yunifolomu, ena a ntchito yanga yomwe. Sindibisa.

Za maulendo a amalonda operekeza atsogoleri sindinena zambiri. Ndinapitako kamodzi, kunyamulira abwana anga chikwama. Tinadya bwino, tinamvera zoyankhula, tinabwerako ndi timakadi ta mayina todzaza thumba la jekete. Mwa anthu onse aja, amene tinadzachita naye malonda anali mmodzi, ndipo chimene chinathandiza ndi mayi wina wa ku ofesi ya kazembe amene anayankha kalata yathu, n'kutitsimikizira kuti kampaniyo ilipodi, ili ndi fakitale, si chikwangwani chabe. Wamalonda amene akufuna kutumiza katundu kwa munthu amene sanamuonepo amafuna kudziwa ngati munthuyo amalipira ngongole, ngati chigamulo cha khoti la uku chingagwire ntchito uko, ngati phindu lake silidulidwa msonkho kawiri, ndiponso ngati angaloledwe kukhala masiku okwanira kuti akaone katundu ndi maso ake. Munthu mmodzi wa ku ofesi ya kazembe wodziwa mayankho amenewa, woyankha foni, amaposa ndege yodzaza nthumwi.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Mapangano ambiri otere amakhazikitsa komiti ya maiko awiri yoti izikumana kuthetsa madandaulo. Mutifunsireko kuti inakumana liti komaliza, ndipo mwa madandaulo amene inalandira yathetsa angati. Kalata yochokera ku unduna musamangoisindikiza momwe yabwerera, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Pangano likakwanitsa chaka, tumizani mtolankhani wanu pa boda. Asayambire mu ofesi ya bwana wa pamalopo, chifukwa kumeneko adzamupatsa mpando ndi manambala okoma. Ayambire kumapeto kwa mzere wa mathiraki, afunse dalaivala kuti wafika liti ndipo akudikira siginecha ya ndani. Awerenge obwerera opanda kanthu. Afunse kalaliki wa pa windo ngati kalata yomuuza za pangano latsopanolo inamufika, chifukwa iye satsata zimene wamva pa wailesi, amatsata zimene zili m'kompyuta yake ndi m'failo yake. Apeze mayi mmodzi wosenza katundu amufunse ngati akudziwa chimene ayenera kulipira ndi chimene sayenera. Akafuna kudziwa zoona zake za nthawi, asankhe thiraki imodzi aitsate kuchokera pofika mpaka potuluka. Mumuuze anyamule bulangete.

Ndine wowerenga wanu,
Wopuma pa ntchito yoombola katundu